Gerishon ndi Sikirini Yake Yakhungu

Pa Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukira kusiya wa ku Lilongwe, Gerishon ankadziwika ndi aliyense, ngakhale kuti panalibe amene ankamuitana pa bawo. Kwawo kunali ku Matope, m'mbali mwa Shire. Kuno anabwera ngati mkamwini, atakwatira Stelia, mayi amene ankakazinga mandasi ndi nsomba n'kumagulitsa pa mawindo a basi. Malo amene ankakhalapo anali a kuchikazi, mbuzi zinali za Stelia, ngakhale mpando wa ndalema umene ankaswerapo unali wosiyidwa ndi malemu apongozi ake. Zake zenizeni zinali njinga, pakamwa, ndi malaya ofiira.

Pakamwapo ndi pamene panamupezetsa banja. Ali mnyamata anauza Stelia kuti akudikira kalata yomuitana ku usilikali. Itakanika imeneyo anati alowa ukondakitala, kenaka ukalaliki wa pa msika wa thonje. Stelia anabereka Estere, anamulera, anamukwatitsa ku Balaka, mwamuna akadali pa mpando womwe uja kudikira kuitanidwa.

Malaya ofiira ndiwo anamupatsa chochita m'masiku a chipani chimodzi. Tsiku la msika ankaima pachipata ndi anzake, kufunsa khadi la chipani kwa aliyense wolowa. Anzakewo ankatha kuyang'ana kumbali akaona nkhalamba yosenza thobwa, koma Gerishon ayi. Ankatula munthu mtolo, kumumasulitsa mpango, kumuimika padzuwa mpaka ndiwo zake zitafota. Mayi wina wa ku Lisungwi, pakati pakuonekera patali, anamugulitsa makhadi awiri, ati amene ali m'mimbayo nayenso akulowa mumsika. Atafika kunyumba anafotokoza nkhaniyi akuseka mpaka misozi. Stelia sanaseke. M'mawa mwake iye ndiye anakatunga madzi pa mjigo, pakati pa akazi amene anangoti zii atamuona.

Matipate atabwera, makhadi anasanduka zoyatsira mbaula. Gerishon anapinda malaya aja n'kuwaponya m'chimbudzi, kenaka anayamba kuuza anthu kuti iye mumtima anali wofuna kusintha kuyambira kale, pachipata paja ankangoimapo kuti ateteze anthu kwa anzake ankhanza. Pa misonkhano ya zipani zatsopano ankafika woyamba, kuvina kutsogolo, kulandira nsalu, sabata yotsatira n'kukavinanso kwa ena. Koma zipanizo zinali nawo kale ovina awoawo, ndipo palibe chimene chinamupatsa ngakhale ulembi wa nthambi. Khasu ankati limamupweteka msana. Kukazinga mandasi ankati ndi ntchito ya akazi, koma pa kudya mandasiwo sankatchulapo za akazi.

Stelia ankamuona akufota ngati nkhwani wothyola dzulo. Sinali njala, chifukwa mbale yake inkadzaza. Chimene chinkamudwalitsa n'chakuti anthu ankamudutsa chipewa chili kumutu, ndipo ana amene kale ankathawa akamuona tsopano ankamumenyetsa mpira wachikulunga m'miyendo osapepesa.

Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Mozambique inali itatha, ndipo othawa kwawo amene anadzaza msasa wa ku Luwani ankabwerera pa mathiraki ndi mabasi. Ogwira ntchito kumsasako ankagulitsa katundu asanasamutsidwe: mabedi, malata, migolo, mipando. Gerishon anapalasa njinga kukaona, n'kubwerako maso akuwala.

"Mayi a Estere, umphawi watha m'nyumba muno," anatero asanatsamiritse n'komwe njingayo. "Ndapeza sikirini ndi deki yake yolowetsamo matepi. Vidiyo, mayi. Pa Zalewa pano madalaivala amangoswera pansi pa mathiraki, anyamata a makala alibe kopita. Tikamanga shedi apa, anthu azichita kupondana pakhomo."

"Mwini wake ndani?"

"A Kingsley, amene ankasunga katundu kumsasa. Akuwasamutsira ku Lilongwe, ndiye sakufuna kuvutika nayo panjira."

"Mwaiona ikuonetsa?"

"Ndaimva ndi makutu angawa. Mawu ake ngati bingu."

"Ine ndafunsa za maso, bambo a Estere."

Gerishon anamuyang'ana ngati mwana wofunsa zopusa pakati pa akuluakulu. Anafotokoza kuti ku Luwani magetsi ndi a jenereta, ndipo a Kingsley, munthu wophunzira, amulongosolera bwino lomwe: mawu amadya magetsi ochepa, chithunzi chimadya ambiri. Jenereta imangokwanitsa mawu basi. Sikiriniyo ikadzafika pa Zalewa, pa magetsi enieni ochokera ku Nkula, chithunzi chidzatuluka chokha.

Stelia anati ayi, ndipo ayi wakeyo anamubwereza m'mawa ndi masana. Koma tsiku lina, iye atapita kukaoda nsomba, Gerishon anatsekula khola n'kukusira mbuzi kwa anyamata ootcha kanyenya m'mbali mwa msewu. Anangosiya ziwiri zowonda zimene anyamatawo anazikana. Pobwera, Stelia anaona chikopa chitayanikidwa pamtengo asanatsike n'komwe m'galimoto, ndipo anachizindikira: chinali cha mkota wake wa mawanga, umene unkabereka mapasa chaka chilichonse. Anatula dengu la nsomba pakhonde, nakhala pansi nthawi yaitali osamasula nkhata.

"Mudzandithokoza," anatero Gerishon ali chapatali, pomwe chikuni sichikanamufika.

Sikirini inabwera pa ngolo. Linali bokosi lalikulu lamatabwa, galasi lake lotukuka ngati mimba ya chule. Gerishon anamanga shedi ya mitengo ndi mapepala akuda apulasitiki, nakhoma mabenchi. Magetsi anapempha kwa Che Adamu, mwini golosale yoyandikana nawo, munthu wofatsa wa ku Mangochi, amene anavomera kuti chingwe chidutse pawindo lake lakuseri. Pa katoni Gerishon analemba ndi khala kuti VIDIYO LERO. Kenaka anaika tebulo pakhomo pa shedi n'kukhala kuseri kwake atapinda manja a shati. Stelia ataona makhalidwewo, chibwano m'mwamba, maso akuyeza aliyense wodutsa, anazindikira kuti mbuzi zake zinafera chipata, osati vidiyo.

Anatsekulira Lamulungu masana, anthu ataweruka ku tchalitchi. Shedi inadzaza. Dzuwa la pa Zalewa linali litakhala pa mapepala akuda aja, moti m'kati munali ngati mu uvuni wa njerwa, koma palibe anadandaula. Gerishon anadina batani. Kanyali kofiira kanayaka, sikirini inalira kuti nziii. Analowetsa tepi, deki inameza, ndipo mawu anaphulika: ng'oma zachilendo, anthu akukuwa m'Chizungu, zibakera kuti di di di, magalasi akusweka. Anthu anatosana ndi zigongono, maso onse kutsogolo. Galasi linali bii. Chimene ankaonamo inali mitu yawo yomwe ndi kuwala kwa pakhomo.

"Ikutenthetsa kaye," anatero Gerishon. "Chithunzi chibwera posachedwa."

Anadikira, thukuta likuyenderera m'misana. M'tepimo wina anafa, monga zinkamvekera, mkazi analira, galimoto inagunda chinachake. Chithunzi osabwera. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense n'kutambasula dzanja pa tebulo lija kuti abwezeredwe chake. Dzuwa lisanapendeke dzina linali litamera kale, ndipo pa siteji yonse ankangoti a Posachedwa.

Kuyambira pamenepo nyumba ya Stelia inasanduka chipatala cha sikirini, dokotala wake munthu amene sanakonzepo ngakhale tochi. Woyamba kuimbidwa mlandu anali Che Adamu.

"Magetsi anuwa ndi otsukuluza, Che Adamu. Filiji yanu ikumwa kaye, kwa ine kukungofika zotsalira. Komanso chingwe chatalika, akufika atatopa."

Che Adamu sanatsutse. "Ibweretseni muno, bambo Gerishon, tiione."

Anazimitsa filiji, anazimitsa babu, anazula ngakhale wailesi yake. Sikirini anaiika pa kauntala pakati pa sopo ndi shuga n'kuilumikiza pakhoma penipeni. Kanyali kofiira, nziii, zibakera, mdima. Gerishon anati aipatse nthawi kuti ikhute. Anaipatsa, mpaka madzi anayamba kudontha pansi pa filiji n'kuyenderera chakukhomo.

"Kodi tsopano ndingayatse zanga?" anafunsa Che Adamu mwaulemu.

Atalephera pamenepo Gerishon anatembenukira nthambo. Anazizula, anazisinthanitsa mabowo, anazipala nsonga ndi lezala. Anapotokola kabatani kalikonse, ka kutsogolo ndi ka kumbuyo komwe, ndipo kena anakazunguza mpaka kanatsalira m'manja. Anaiwomba mbama m'mbali monga ankachitira ndi wailesi mabatire akatha. Galasi analipukuta ndi sipiriti, poganiza kuti mwina chithunzi chilipo koma chabisika ndi utsi wa ku Luwani. Stelia ankakanda ufa wa mandasi pakhonde akumvera mbamazo, ndipo nthawi zina ankapezeka kuti nayenso akuumenya ufawo mopitirira muyeso.

Che Adamu ndiye anapereka nzeru yoti akayese deki pa sikirini ina, kuti adziwe chodwala chenicheni. Pafupi ina inali kwa a Beatrice, namwino wa ku Rumphi amene boma linamutumiza kudzagwira ntchito m'derali. Gerishon anakanda m'mutu. Iye anali atamutsitsapo namwinoyo m'basi pa nkhani ya khadi, yunifolomu ili m'thupi, odwala akudikira. Choncho wokapempha anali Stelia, monga zinkakhalira nthawi zonse pakafunika nkhope yopanda mlandu.

A Beatrice anavomera chifukwa cha Stelia. Atangolumikiza, chithunzi chinatuluka nthawi yomweyo: amuna osavala malaya akudumpha pa madenga, thambo lobiriwira, magazi ofiira piriwiri. Kanali koyamba kuti Stelia aone vidiyo, ndipo anangozindikira atakhala kale pamkeka, kukamwa kuli yasa. Zinamupsetsa mtima kuti chinthucho chinali chokomadi.

"Deki ilibe vuto, tepi ilibe vuto," a Beatrice anauza Stelia, mwamunayo osamuyang'ana n'komwe. "Yodwala ndi sikirini. Auzeni akaibweze kwa mwini wake."

Mwini wake anali atapita kalekale. Ku Luwani Gerishon anakapeza nyumba yopanda zitseko, ndipo panalibe wodziwa ngati a Kingsley anapitadi ku Lilongwe kapena kwina.

Munthu wamanyazi akanalekera pomwepo. Gerishon anabwerako ndi nzeru yatsopano imene anaitola kwa dalaivala wina woledzera, yakuti sikirini zina sizionetsa popanda eriyo, chifukwa zinazolowera kukoka zithunzi m'mlengalenga. Dziko lino nthawi imeneyo linalibe nyumba youlutsira kanema, koma iye ankati za ku Harare ndi za ku Joni zimadutsa pamwamba pa Zalewa, zimangosowa wozikola. Analumikiza nsungwi, kunsonga n'kumangirirako masipoko a njinga ndi chivundikiro cha poto wa Stelia. Mlongotiwo unapitirira denga la Che Adamu. Iye ankauzunguza ali panja n'kumafuula kuti, "Chabwera?" Stelia, amene anauzidwa kuti akhale m'kati aziyang'anira galasi, ankayankha kuti, "Sichinabwere," maso ali pa nsomba zimene ankapala. Kamvuluvulu wa m'chilimwe ndiye anatha nkhaniyo. Anagwetsera mlongoti pa chisakasa chophikiramo, denga linaphwasuka, chiwaya cha mafuta chinatayika chonse.

Ndiye anaganiza zoitsekula. Anachitira dala panja, pansi pa mtengo wa masawu, kuti anthu aone kuti mwini wake ndi katswiri. Anthu anabweradi, pa Zalewa chionetsero chaulere sichisowa anthu. Anamasula chakumbuyo ndi mpeni wa patebulo. M'kati munali fumbi, mazira a mphemvu ndi kangaude. Anauzira, anasesa ndi nthenga ya nkhuku, anagogoda tizitsulo tina n'kuika khutu ngati sing'anga. Che Adamu anamuchenjeza kuti anamvapo zoti zinthuzi zimasunga moto ngakhale utazula chingwe.

"Zimenezo amaopsezera ana, Che Adamu. Magetsi ali ngati madzi a pa mpope. Ukatseka, atha."

Analowetsa mpeni pansi pa kachipewa ka labala komatirira kumsana kwa galasi. Kunamveka kuti tswa. Mpeni unauluka kukagwera m'dengu la malambe, Gerishon anakhala pansi mosafuna, miyendo m'mwamba, ndipo buluku linanyowa kutsogolo mpaka m'mawondo. Anthu sanaseke msanga. Anadikira kaye kuti aone ngati akupuma. Atadzuka n'kuyamba kufunsa kuti wamukankha ndani, m'pamene phwete linaphulika, moti mayi wina wogulitsa tomato anachita kugwira mtengo. Stelia anamuponyera chitenje kuti adzimangire. Sichinali chisoni ayi. Ankafuna kuti alowe m'nyumba, khamulo limwazike, ogula mandasi apeze podutsa.

Dzanja litatha dzanzi, Gerishon anatulukira ndi ganizo limene iye ankalitcha la bizinesi. Ngati mawu alipo, anatero, anthu angathe kumvera. Chithunzi azichipereka iye ndi pakamwa, pa mtengo wotsika. Kwa a Beatrice kuja anaonako chiyambi cha filimu ija, zotsalazo ankapeka. Ankaima pambali pa galasi lakudalo, kandodo m'manja, n'kumaloza mumdimamo. "Apa ndiye wamuponda pachifuwa. Uyu akuthawa apayu ndi mkazi wake, wavala diresi yofiira." Ena ankalowadi, makamaka ootcha makala, osati kudzamvera filimu koma kudzaona Posachedwa akudumphadumpha ndi kuponya mateche m'malere. Iye ankati bizinesi yagwira. Stelia anasamutsira beseni la mandasi pakhomo pa shedi, poti oseka nawonso amamva njala.

Kenaka deki inatafuna tepi ya zibakera ija. Anatsala ndi matepi ena opanda zolemba, amene a Kingsley anamuikira ngati basera, ndipo anali asanawamverepo. Tsiku la msika, shedi itadzaza, analowetsa imodzi. Munamveka kanyimbo ka gitala, kenaka bambo wolankhula Chipwitikizi pang'onopang'ono, madzi akukhuthuka, mwana akulira, khasu likukumba.

Gerishon sanaphethire n'komwe. "Iyi ndi ya zigawenga za kunja," anatero. "Akulankhulayu ndiye bwana wawo. Akuwalamula kuti akumbe manda, akwiriremo wapolisi. Mwalimva khasulo? Mwana akulirayo ndi wa wapolisiyo."

Pafupi ndi Stelia panaima Felista, mayi wa ku Tete amene sanabwerere ndi anzake chifukwa anakwatiwa ndi wootcha makala wa pa Zalewa. Anangobwera kudzaitana mwamuna wake. Anamvetsera pang'ono, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Pepani bambo," anatero m'Chichewa chake chokoka, "imeneyi ankationetsa kumsasa kawirikawiri. Akuti chimbudzi muzikumba kutali ndi chitsime, ndipo mukachokako muzisamba m'manja ndi phulusa. Mwanayo watsekula m'mimba."

Benchi lina linathyoka ndi anthu ogubuduka. Gerishon anayesa kunena kuti Chipwitikizi chili pawiri, cha kumudzi ndi cha m'mafilimu, koma panalibe womumva. Mawa lake pa mjigo akazi anasewera nkhani yonse, wina akuyerekeza mawu a Gerishon, wina a Felista. Stelia atafika anamupatsa malo kutsogolo kwa mzere, wina n'kumupopera madzi. Anazindikira kuti tsopano amamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinamuwawa kuposa chidani chakale chija.

Stelia ndiye anaumirira zoti sikiriniyo apite nayo ku Blantyre. Ankafuna munthu woti anene mawu omaliza, nkhani ithe. Anakwera basi ya m'mawa, iye akukagula ufa wa tirigu ndi mafuta, sikirini ili pa mpando wakewake, Gerishon ataikumbatira monga sanamukumbatirepo munthu. Ku Ndirande anapeza wokonza mawailesi m'kachipinda kodzaza mabokosi akufa mpaka kudenga. Munthuyo anatsekula kumbuyo, anayatsa, anatchinga kuwala ndi dzanja n'kusuzumira pakhosi pa galasi.

"Bwerani muone, mayi. Apa pamayenera kuyaka ngati nsonga ya ndudu, ndiye chithunzi chimatuluka. Mukuonapo moto? Chubu chinafa, ndipo si chaka chino ayi. Amene anakugulitsaniyo ayenera kuti ankangoigwiritsa ngati sipika."

"Nanga singakonzeke?" anafunsa Stelia.

"Chubu cha mtundu uwu mwina ku Joni, koma kuli bwino kungogula sikirini ina. Ngati mukufuna ndisiyireni, ndichotsemo zina ndi zina, ndikupatseni kangachepe."

Gerishon anakana. Anaisenzanso, anaikwezanso basi, ndipo anaikumbatiranso mpaka atadutsa pa Lirangwe. Apo m'pamene pakamwa panatseguka. Wokonza uja, anatero, ndi wa chipani china, amachita kuonekera m'maso; ankafuna kumubera sikirini yabwinobwino. A Kingsley nawonso anachita kutumidwa. Onsewo akuopa kuti Gerishon akakhala ndi vidiyo anthu adzamusankha kukhala wapampando wa dera.

"Ndipo zimene wanena ujazi zisatuluke pakamwa panu pa Zalewa, mwamva?"

Stelia anayang'ana pawindo, milambe ikudutsa.

Sipanapite nthawi, Stelia anamupeza Gerishon kuseri kwa nyumba ndi dalaivala wa thiraki ya ku Joni, akuyeza malo ndi mapazi. Mgwirizano unali woti dalaivalayo abweretse chubu, Gerishon amudulire mbali yoyang'ana kumsewu kuti amangepo malo ogona alendo. Stelia sanakalipe. Anazimitsa moto, anasamba, anavala chitenje chake cha ku tchalitchi, n'kupita ku Lisungwi kukatenga achimwene ake a Mabvuto, mwini mbumba, amenenso anali ankhoswe a ukwatiwo. Ku Matope anatumiza mawu kwa amalume a Gerishon.

Onse anakhala pansi pa mtengo wa masawu uja m'mawa, dzuwa lisanawawe. A Mabvuto anali munthu wa mawu ochepa, mlimi wa thonje wa m'manja mokhakhala.

"Alamu, mbuzi munagulitsa, tinakhala chete. Chisakasa munagwetsa, tinati ndi mphepo. Koma dothi ili munalipeza. Analambula ndi agogo athu, ndipo ndi la Estere ndi ana ake. Kodi kwanu mkamwini amadula malo?"

Gerishon anaimirira ngati ali pa nsanja ya msonkhano. Ino ndi nthawi ya demokalase, anatero, aliyense ali ndi ufulu wochita bizinesi, zachikamwini ndi zachikale, zinapita limodzi ndi chipani chimodzi. Analankhula za chitukuko, za nsanje ya Amalawi, za mmene azungu amalemerera chifukwa akazi awo sawatsutsa. Amalume ake anangoweramira pansi, akulemba dothi ndi kamtengo.

"Nanga inu achemwali mukuti bwanji?" anafunsa a Mabvuto Gerishon atatha.

"Ine ndatopa, achimwene. Bambowa sanandimenyepo, pamenepo ndisawanamizire. Koma zaka zonsezi ndakhala ndikupepesa anthu pa zinthu zimene sindinachite. Atenge zawo azipita. Njinga atenge, sikirini atenge. Deki yokha asiye."

Amalume aja anakweza mutu koyamba. "Ife tilibe mawu. Munthuyu timamudziwa, tinamulera tokha."

Dekiyo Stelia anaisinthanitsa ndi timbuzi kwa Che Adamu, amene anaitumiza kwa abale ake ku Mangochi. Mitengo ya shedi anamangira chisakasa chatsopano. Gerishon anamangirira sikirini pa kaliyala ndi malegeni, ndipo popeza inali yolemera moti sakanatha kupalasa, ananyamuka akukankha njingayo. Aliyense wokumana naye pa siteji ankamuuza kuti akukatsekula nthambi ina.

Nkhani zake zinkamufika Stelia kudzera kwa amayi obweretsa nsomba. Kumudzi kwawo kwa Gerishon, chakuseri kwa Matope, magetsi kunalibe. Sikirini anaiika pa tebulo n'kuiphimba ndi kansalu koluka. Alendo akabwera ankaivundukula, kuwaonetsa mabatani, n'kufotokoza kuti ndi yabwinobwino, yangosowa magetsi, ndipo iye akukambirana ndi akuluakulu kuti mawaya afike. Anthu a kumeneko analibe poiyesera. Anayamba kumupatsa mpando pa maliro, anamuika mu komiti ya chitukuko, ndipo posakhalitsa anakwatira mwana wa msodzi wina wa mabwato angapo, sikirini n'kusamukira kwa apongozi atsopano.

Chaka china kunabwera anthu a bungwe lina kudzafunsa chimene mudziwo ukufuna poyamba, jenereta ya pa sukulu kapena dibi la ng'ombe. Achinyamata onse anali pa jenereta, ena atayamba kale kukambirana zokabwereka deki kuti aonere pa sikirini ya a Gerishon. Gerishon anaimirira n'kulankhula mpaka dzuwa linafika pamutu. Magetsi amapha ana, anatero, amaotcha nyumba za udzu, amasokoneza atsikana pa sukulu. Iye anakhala nawo pa Zalewa, amawadziwa bwino. Mudzi unasankha dibi, ngakhale kuti ng'ombe za m'mudzimo munthu akanatha kuzisambitsa ndi ndowa.

Mayi wa nsomba amene ankafotokoza zimenezi anadikira kuti aone ngati Stelia akwiya kapena aseka. Stelia anatembenuza nsomba m'chiwaya, nati, "Akanadziwa kulima mmene amadziwira kudziteteza, bwenzi Matope yense akudya kwa iwo." Basi ya ku Mwanza inaima, ndipo ananyamula beseni kupita ku mawindo.